Chifukwa chake khungu lomwelo limamva bwino lero, mawa osamva

Tsiku limene mukudikira uthenga wa Airtel Money kuchokera kwa mbale wanu wa ku Joni, foni ikangonjenjemera pang'ono dzanja lafika kale m'thumba. Nthawi zina mumapisa isanalire n'komwe, n'kupeza palibe chabwera. Koma tsiku limene mwakwera minibasi pa Limbe mutatopa, dzuwa likuswa mtengo, mukusinza kudutsa pa Chichiri, mumakatsika pa Ginnery Corner n'kupeza munthu anakuimbirani katatu inu osamva kanthu. Foni ndi yomweyo, thumba ndi lomwelo, ndipo khungu la pantchafu linagwedezeka mofanana masiku onse awiri. Chimene chinasiyana chili m'mutu, ndipo mbali yaikulu ya kusiyanako imachokera ku kagulu kochepa kwambiri ka maselo kamene kamatulutsa mankhwala otchedwa noradrenaline.

Tiyambe ndi ulendo wa uthengawo, chifukwa popanda kuudziwa zinazo sizingamveke. Pansi pa khungu pali timathero ta mitsempha ta mitundu ingapo. Tina, totchedwa Meissner, tili pafupi ndi pamwamba ndipo timamva chinthu chikamatereka m'zala. Ta Merkel timamva m'mphepete mwa chinthu ndi kukhakhala kwake. Ta Pacinian tili mkati ndithu ndipo timagwira kunjenjemera kothamanga, kwa maulendo 200 kapena 300 pa sekondi, choncho foni ija imadzutsa kwambiri timeneti. Pa timathero tambiri totere pali kachitseko kakang'ono kotchedwa Piezo2 kamene kamatseguka khungu likapanikizika, n'kusandutsa kupanikizako kukhala mphamvu yamagetsi. Gulu la Ardem Patapoutian ku California ndi limene linatulukira tizitseko ta Piezo mu 2010, ndipo iye analandira mphoto ya Nobel mu 2021.

Uthengawo umathamanga m'mitsempha pa liwiro la mamita 30 mpaka 70 pa sekondi, n'kulowa mu msana, n'kukwera mpaka kutsinde kwa ubongo. Pamenepo umadumphira mbali ina, wa dzanja lamanja kupita kumanzere, n'chifukwa chake munthu amene sitiroko yamugwira kumanzere kwa ubongo amachita dzanzi kumanja. Kenako umafika pa thalamus, pakatikati pa ubongo, pamene mauthenga a maso, a makutu ndi a khungu amayamba aima. Ukachoka apo umakafika pa cortex, chikuto chakunja cha ubongo, pa kachigawo kamene kali ndi malo a chiwalo chilichonse. Wilder Penfield, dokotala wa opaleshoni ya ubongo ku Montreal, anafalitsa mapu a malo amenewa mu 1937 atagwiragwira ubongo wa odwala ali maso ndi kawaya ka magetsi ofooka, iwo n'kumanena pamene akumva. Zala ndi milomo zinapezeka kuti zili ndi malo aakulu, msana wonse kamalo kochepa. Mukhoza kudziyesa nokha: nsonga ziwiri za waya zotalikirana mamilimita 2 kapena 3 mumazimva kuti n'ziwiri pa nsonga ya chala, koma pamsana zimamveka ngati imodzi mpaka zitatalikirana masentimita 3 kapena 4.

Mabuku ambiri a sukulu amathera pamenepa, ngati kuti chimene chalowa pakhungu chimakatuluka ku cortex chili chomwecho. Sizitero. Pa malo aliwonse pamene uthenga umachoka mu selo lina kulowa mu lina, ukhoza kukwezedwa, kuchepetsedwa kapena kutayidwa. Pakanapanda zimenezi bwenzi mukumva kolala ya shati, lamba, masokosi ndi mpando umene mwakhalapo nthawi imodzi, tsiku lonse, osapuma.

Kagulu kaja dzina lake ndi locus coeruleus. Kali kutsinde kwa ubongo, pa chigawo chotchedwa pons, kamodzi kumanja kena kumanzere. Pa ubongo wa munthu wamkulu kamaoneka ndi maso ngati kamzere koderako, moti akatswiri a ku Ulaya anakaona kale zaka zoposa 200 zapitazo asakudziwa ntchito yake. Kuchepa kwake n'kodabwitsa. Ubongo wa munthu uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi mabiliyoni 86, pamene kaguluka kali ndi masauzande makumi ochepa chabe. Mwa khoswe ndi maselo pafupifupi 1,500 mbali iliyonse. Komabe nthambi zake zimafika pafupifupi paliponse: ku cortex yonse, ku thalamus, ngakhale kutsikira mu msana. Selo limodzi likhoza kukhala ndi nthambi zopita mbali zotalikirana kwambiri za ubongo, ndipo m'malo ambiri silipereka mankhwala ake kwa selo limodzi lokha ayi, limangowatulutsa n'kufalikira kwa onse oyandikana nawo. Kapangidwe kotere kakusonyeza kuti kaguluka sikanyamula uthenga wakuti “chala chakhudza nsalu”. Ntchito yake ndi kusintha mmene maselo onyamula uthengawo akhalire okonzeka.

Mankhwala enieniwo anadziwika mochedwa. Ulf von Euler wa ku Stockholm anasonyeza mu 1946 kuti noradrenaline ndi imene mitsempha yofulumizitsa mtima ndi kufinya mitsempha ya magazi imatulutsa, ndipo analandira Nobel mu 1970. Mu 1954 Marthe Vogt, ali ku Edinburgh, anapeza kuti imapezekanso mu ubongo mwenimwenimo, mbali zina yambiri, mbali zina yochepa. Mu 1964 Annica Dahlström ndi Kjell Fuxe, ku Sweden komweko, anaona pa makina oonera tinthu tating'ono kuti maselo a locus coeruleus ali nayo yambiri. Thupi limaipanga kuchokera ku tyrosine, imene timapeza mu zakudya monga nyemba, mtedza, usipa ndi mazira, imene imayamba yasanduka mankhwala ena otchedwa dopamine. Munthu asathamangire kukagula mtedza wambiri pa msika wa Limbe poganiza kuti zala zake zikhala zakuthwa. Ubongo umadziyezera wokha mlingo umene ukufuna.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ngakhale ophunzira za udokotala akamayamba kumene. M'zipinda za odwala mwakayakaya noradrenaline amaipereka mu diripu kuti BP ya munthu amene magazi ake alowa tizilombo isagwe. Imeneyo siilowa mu ubongo, chifukwa pakati pa magazi ndi ubongo pali chotchinga chimene sichiilola kudutsa. Ya mu ubongo imapangidwa momwemo. Ziwirizi zimakonda kukwera limodzi munthu akadzidzimuka, koma zimachokera kosiyana.

Nanga kaguluka kamagwira ntchito liti? Gary Aston-Jones ndi Floyd Bloom anakamvetsera mwa makoswe oyenda okha mu 1981. Khoswe akakhala maso, maselo ake amatulutsa timphamvu ta magetsi mwakachetechete, pafupifupi kawiri pa sekondi. Akamasinza amachepetsa, akagona tulo tofa nato amachepetseratu, ndipo pa nthawi ya maloto amangoti zii. Chinthu chachilendo chikachitika, kaya phokoso kaya kukhudzidwa mwadzidzidzi, maselo onse amaphulika pamodzi kwa kanthawi kochepa kwambiri, kenako n'kupuma. Chimene ine chimandisangalatsa pa kafukufuku ameneyu n'chakuti khoswe akamadzinyambita kapena kumwa madzi otsekemera, maselowa ankatsika ngakhale iye ali maso ndithu. Ndiye kuti nkhani si kukhala maso kokha. Kaguluka kamakwera pamene nyama ikuyang'anira zakunja, ndipo kamatsika pamene yakhazikika pa zake.

Tsopano tifike pa funso lenileni: noradrenaline ikafika pa maselo onyamula uthenga wa khungu, imawatani?

Yankho loyamba linachokera ku makutu. Mu 1975 Stephen Foote ndi anzake ku America anathira timadontho ta noradrenaline pa maselo a cortex ya anyani aang'ono amene ankamvetsera kulira kwa anyani anzawo. Maselo a ubongo sakhala chete ngakhale palibe chikuchitika, amangolankhulalankhula okha. Mankhwalawa anachepetsa kwambiri kulankhula kopanda pakeko, koma yankho la selo pa kulira kwenikweni linangotsika pang'ono. Mu 1980 Barry Waterhouse ndi Donald Woodward ku Texas anayesa zofanana pa khungu, akukhudza phazi lakutsogolo la khoswe, ndipo anapeza kuti pa maselo ambiri yankho la kukhudzako linkaonekera bwino kuposa kale, pa ena linkakula ndithu.

Aliyense amene anamverapo mpira wa Bullets ndi Wanderers pa kawailesi ka mabatire akudziwa kusiyana kumeneku. Mukakweza voliyumu, mawu a muulutsi amakwera limodzi ndi kuwaza kwa wailesi, ndipo chigoli chikalowa simudziwabe kuti wamwetsa ndani. Mukapotoza pang'ono kachuni, kuwazako kumatsika, mawu n'kumveka ngakhale voliyumu ili pomwepo. Noradrenaline ikakhala pa mlingo wabwino imachita zachiwirizi.

Zambiri zimene tikudziwa zachokera ku ndevu za makoswe ndi mbewa, ndipo pali chifukwa chake. Khoswe amayenda mu mdima akupapasa ndi ndevu monga ife timapapasira ndi zala, ndipo mu 1970 Thomas Woolsey ndi Hendrik Van der Loos anapeza kuti ndevu iliyonse ya mbewa ili ndi kagulu kakekake ka maselo mu cortex, tondondozana mofanana ndi mmene ndevuzo zandandalikira pa mlomo. Wofufuza akhoza kugwedeza ndevu imodzi mwa mlingo wodziwika bwino, n'kumvetsera maselo enieni amene akulandira uthengawo. Pa munthu zotere n'zosatheka.

Pa thalamus ndi pamene nkhaniyi ikumveka bwino kwambiri. Maselo a pamenepa ali ndi kalankhulidwe kawiri. Munthu akamasinza, amakhala duu kwa kanthawi kenako n'kutulutsa timphamvu tambiri nthawi imodzi, n'kukhalanso duu. Kalankhulidwe kotere kamatha kudziwitsa cortex kuti chinachake chachitika, koma sikanena bwino kuti n'chiyani, chachikulu bwanji, chikulowera kuti. Munthu akakhala tcheru, maselo omwewo amatulutsa kamphamvu kamodzikamodzi motsatira ndendende mmene khungu likukhudzidwira. David McCormick ndi anzake anasonyeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti noradrenaline imasamutsa maselowa kuchoka pa kalankhulidwe koyamba kupita pa kachiwiri, potseka tizitseko tina timene mchere wa potaziyamu umatulukira m'selo. Mu 2019 gulu la Qi Wang pa yunivesite ya Columbia ku New York linapita patsogolo. Atadzutsa locus coeruleus ya makoswe, maselo a thalamus anayamba kunyamula zambiri zokhudza kagwedezeke ka ndevu pa kamphamvu kalikonse, ndipo makoswewo anayamba kusiyanitsa bwino kagwedezeke kofananirako. Atatsekereza noradrenaline pa thalamus pokha, phindulo linatha. Ndiye kuti si nkhani ya kumva mwamphamvu chabe, koma kumva molongosoka. Mayi amene akusankha timiyala mu mpunga wa kilombero, telala wa ku Ndirande amene akusisita chitenje pakati pa zala ziwiri kuti adziwe ngati n'chenicheni, mwana wosaona amene akuwerenga timadontho ta Braille totalikirana mamilimita awiri ndi theka, onsewa akudalira kulongosoka kumeneku.

Apa pali msampha, ndipo olemba nkhani za ubongo ambiri amagweramo. Amati poti noradrenaline imanola kumva, yambiri ndiye yabwino koposa. Mu 2004 David Devilbiss ndi Waterhouse yemwe uja, ali ku Philadelphia, anadzutsa locus coeruleus ya makoswe ali maso pa milingo yosiyanasiyana. Pa maselo ambiri yankho linkakwera mlingo ukakwera pang'ono, n'kufika pachimake, kenako n'kutsikanso mlingo ukapitirira. Maselo ena, makamaka a mu cortex, ankangotsika kuyambira pachiyambi. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti maselo ali ndi zolandirira noradrenaline za mitundu itatu ikuluikulu. Za alpha-2 zimagwira ngakhale mankhwalawo ali ochepa, ndipo nthawi zambiri zimakhazika selo pansi. Za alpha-1 zimafuna ochulukirapo ndipo zimakonda kulidzutsa. Za beta zimasintha mmene selo limayankhira likamalandira uthenga mobwerezabwereza. Selo lililonse lili ndi kasakanizidwe kake, choncho dontho lomwelo likhoza kudzutsa ili n'kugoneka loyandikana nalo. Pa maselo a locus coeruleus enieniwo palinso alpha-2, moti akatulutsa yambiri amadzibweza okha.

Zikapitirira muyezo zimaoneka bwanji? Taganizani munthu amene waweruka usiku ku mafakitale a ku Makata, magetsi azima, akudutsa njira yachidule imene anamva kuti kuli achifwamba. Tsamba likamugwera pakhosi amalumpha. Kaudzu kakamukhudza mwendo amati njoka. Khungu lake likumva chilichonse, koma mutamupatsa makiyi anayi kuti apapase apeze a chitseko chake, zala zimangosokonezeka. Maselo ake akuyankha zonse, zofunika ndi zosafunika zomwe, ndipo ubongo wafulumira kunena kuti “chilipo” ngakhale palibe. Zofanana zinaoneka pa mbewa mu 2015, pamene gulu la McCormick ku Yale linkaziphunzitsa kuzindikira kamawu kobisika mu phokoso. Ankayeza kukula kwa mwana wa diso, amene amakonda kukula locus coeruleus ikakwera. Mbewa zinkachita bwino mwana wa diso akakhala pakatikati. Akachepa kwambiri zinkaphonya kamawuko, akakula kwambiri zinkayankha ngakhale pasanamveke kanthu. Kupisa m'thumba foni isanalire kuli m'gulu lomwelo.

Tisaikweze mopitirira noradrenaline. Opisa m'matumba a pa depoti ya Wenela sadikira kuti musinze. Wina amakugundani paphewa, maganizo onse n'kuthamangira pamenepo, mnzake n'kusolola chikwama kumbuyo. Apo mungakhale muli tcheru kwambiri, koma tcheru chanucho chaloza kolakwika. Kusankha kuti maganizo aloze pati ndi ntchito ya mbali zina za cortex, mothandizana ndi mankhwala ena monga acetylcholine. Noradrenaline imakonza kuti ubongo ukhale wokonzeka motani, koma siisankha yokha chimene muyang'anire. Komanso tikumbukire kuti umboni wolimba wa zimene zimachitika pa selo limodzilimodzi wachokera ku makoswe, mbewa ndi anyani. Pa anthu ofufuza amadalira mwana wa diso, mankhwala osintha mlingo wa noradrenaline ndi zithunzi za makina, ndipo kaguluka n'kakang'ono moti pa chithunzi cha MRI kamavuta kukaloza.

M'tulo namonso kaguluka sikangokhala. Kafukufuku wa pa mbewa ku Lausanne mu 2021 anasonyeza kuti mu tulo topanda maloto noradrenaline ya mu thalamus imakwera ndi kutsika pafupifupi masekondi 50 aliwonse. Ikakwera, nyama imadzuka msanga ikakhudzidwa kapena ikamva phokoso. Ikatsika, imagona ngati yafa. Mwina n'chifukwa chake mwana mumamunyamula kuchoka pa mpando kukamugoneka osatsegula diso, koma tsiku lina mukangomukhudza phazi wadzuka kale.

Mbali imene ikukhudza anthu ambiri kuno ndi ya ululu. Nthambi za locus coeruleus ndi timagulu tina toyandikana nako zimatsika mu msana, pamene mauthenga a ululu amalowera. Pamenepo noradrenaline imagwira pa alpha-2 n'kuchepetsa uthenga wa ululu usanakwere n'komwe. Ndiye mankhwala omwewo amene akunola kukhudza ku thalamus akufooketsa ululu mu msana. Kwa nyama imene ikuthawa mdani zimenezi n'zomveka: imve bwino pamene ikuponda, koma bala lidikire kaye. Henry Beecher, dokotala wa asilikali a America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, analemba mu 1946 kuti ambiri mwa asilikali ovulala kwambiri amene anawafunsa ku Italy sanafune morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, atangofika kuchokera kunkhondo. Wa kabaza amene wagwa pa Kameza n'kudzuka kukakangana ndi dalaivala, n'kudzazindikira pambuyo pake kuti chigongono chasupuka, wadutsa momwemo. Si noradrenaline yokha, thupi lili ndi mankhwala akeake ofanana ndi morphine amene amathandizana nayo, koma gawo lake ndi lalikulu.

Ichi n'chifukwa chake munthu wa shuga amene amadandaula kuti mapazi akuyaka usiku, ngati waponda makala, ngakhale bulangete lokha likumupweteka, kuchipatala nthawi zambiri amamulembera amitriptyline. Ena akafika kunyumba n'kufufuza pa intaneti amakhumudwa: “Adokotala andipatsa mankhwala a matenda a nkhawa, akuganiza kuti ndikunamizira?” Ayi ndithu. Noradrenaline ikatulutsidwa, selo limaimezanso kuti ntchito yake ithe. Amitriptyline amatsekereza kumezako, choncho noradrenaline imakhalitsa mu msana n'kupitiriza kupondereza ululu. Mlingo wa ululu umakhala wochepa kuposa wa matenda a nkhawa, amamwa usiku chifukwa amagonetsa, amaumitsa kukamwa, ndipo pamatenga masabata angapo kuti phindu lake lioneke. Duloxetine amagwira ntchito mofananako. Achikulire ndi amene ali ndi vuto la mtima amafunika kusamala nawo, choncho si mankhwala ogawana ndi aneba.

Kuyaka kwa mapazi kotere anthu a mu Blantyre akukudziwa bwino. Pamene ma ARV aulere anayamba mu 2004, mankhwala oyamba anali ndi stavudine, amene anapulumutsa miyoyo yambiri koma ankawononga mitsempha ya kumapazi mwa anthu ochuluka, mpaka dziko linayamba kuwasiya pang'onopang'ono kuyambira 2011. Isoniazid wa TB nayenso amatha kuchita zomwezo, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi vitamini B6. Chokhumudwitsa n'chakuti pa ululu wa mitsempha wobwera ndi HIV, amitriptyline atayesedwa mosamala ku America ndi ku South Africa sanapose mapiritsi opanda mankhwala, ngakhale pa shuga amathandiza anthu ena ndithu.

Ndipo ngakhale pamene akuthandiza, amangochepetsa moto, sabwezeretsa mitsempha imene yafa. Ubongo ukhoza kukonza uthenga umene wafika, koma phazi limene lachita dzanzi silitumizanso kanthu. Munthu wa shuga akhoza kuyenda tsiku lonse kamwala kapena kamsomali kali mu nsapato osadziwa, n'kudzaona chilonda patapita masiku. Anamwino a ku kiliniki ya shuga akamakhudza mapazi ndi kaulusi kolimba ka pulasitiki kamene kamapinda pa kulemera kwa magalamu 10, n'kumafunsa kuti “Agogo, mukumva apa? Nanga apa?”, akuyeza ngati uthengawo ukunyamukabe pakhungu. Akapeza kuti sukunyamuka, malangizo ake ndi kuyang'ana mapazi ndi maso usiku uliwonse, kugwedeza nsapato musanavale, ndi kuyeza madzi osamba ndi chigongono osati ndi phazi.